Mchere wa kwa Joice

Ku Sakubva konse, lokeshoni yathu ya ku Umtali, ankandiseka kuti Vaileti akuchitira nsanje mankhwala otsegula m'mimba. Ankaseka pampopi, ankaseka pamsika wa masamba, ngakhale amayi a kutchalitchi ankabisa pakamwa ndi nsonga ya duku ine ndikamadutsa. Ine choseketsa sindinkachiona, ndipo mpaka lero sindichiona.

Ndinafika ku Umtali nthawi ya Chitaganya, pa sitima yodzera ku Dondo, kabokosi ka malata kali pamutu, mtima uli m'mwamba. Amuna anga, a Goodson Chisale, anali atakhalitsa kuno, akugwira ntchito kunjanji, kushedi yotsitsira katundu. Anandikwatira kwathu ku Ntcheu atabwera patchuthi, anakhala nane pang'ono chabe, n'kubwerera. Ine ndinatsala ndikulima ndi kuyang'ana kumsewu, mpaka iwo atapatsidwa nyumba ya anthu apabanja n'kundiitanitsa.

Munthu wake anali waulemu, ulemu wochita kutopetsa. "ANangozo, mwadzuka bwanji?" "ANangozo, zikomo, ndiwo zinakoma." M'nyumba mwawomwawo malaya ankamanga mabatani mpaka pakhosi. Akafuna kusintha zovala ankadikira nditatuluka. Kugeya kwenikweniku ankakageyera kuseri kwa nyumba. Anzanga ankati ndinagwa m'mbale, mwamuna wosamenya, wosaledzera, wosatukwana. Eya, mwayi umenewo ndinali nawo. Koma ine ndinkangoona ngati ndikusunga mlendo wa atsibweni, woti mawa lino anyamuka.

Lamulungu lina, dzuwa litangotuluka, ndinawaona atavala kale, nsapato zili mbee. Tiyi anakana. Anati kutchalitchi nditsogole, iwo ali ndi kaulendo pang'ono. Anabwera madzulo, maso atalowa, akuyenda pang'onopang'ono, koma nkhope ili yomasuka kuposa masiku onse. Mwezi wotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Apo ndiye ndinakagogoda kwa Ruby, mkazi wa a Mailosi, amene khomo lake linayang'anizana ndi langa. Ruby anali wa ku Dedza, koma anakhalitsa m'tauni moti chilichonse cha m'lokeshoni chinkayamba chadzera pakamwa pake.

"Kodi simudziwa?" anatero. "Amapita kukamwa mchere."

"Mchere wanji wochita kuupukutira nsapato?"

"Wotsuka m'mimba, uja wa kusitolo amati Episomu. Amuna a kunjanji onse amamwa. Phoso lawo lija, mgaiwa ndi nyemba zouma tsiku ndi tsiku, limamanga m'mimba ngati simenti. Ndiye mwezi ukatha munthu amasungunula mcherewo m'madzi ofunda n'kumwa asanalawe kanthu. Umakokera madzi m'matumbo, zonse zinauma zija zimafewa, kenako ndi liwiro basi mpaka masana."

"Nanga a Mailosi amakamwera kuti?"

"Pompano. Ndimawapatsa ndine."

"Nanga anga?"

Ruby anayamba kufufuza m'thumba la epuloni chinthu chimene munalibe. Ndinamugwira mkono. Ndinati mayi, lero simukolopa, simuphika, mpaka mundiuze.

Ndi mmene ndinamvera dzina la Joice. Zaka zonse zimene ine ndinkapalira chimanga ku Ntcheu, a Chisale ankakhala ndi mkazi ameneyu kumalaini akale, ukwati uja kuno amati wa mapoto: palibe ankhoswe, palibe tchalitchi, mwamuna wagula mapoto, mkazi akuphika, yatha. Atamva kuti nyumba yapezeka ndipo ine ndikubwera, anasiyana bwinobwino, popanda ndewu. Joice anatsala ndi mapoto ake, iwo anatenga sutikesi.

"Zinatha kalekale," Ruby anatero. "Chatsala ndi mchere wokhawu. Inu mukuopa chiyani? Mwamuna woti wamwa mchere angachite naye chiyani mkazi? Akangoti atembenuke, wathamanga! Ine a Mailosi atati azikathamangira kwina, ndingathokoze ndi manja awiri."

Anaseka mpaka misozi. Ine ndinabwerera kunyumba kwanga.

Madzulo ake ndinawafunsa eni ake. Sanakane, sanakalipe. Anaika supuni pansi mwaulemu n'kunena kuti, "ANangozo, musaganize zambiri. Munthu uja anagwirako ntchito yokolopa kukachipatala ka kumgodi ku Penhalonga, muyeso amaudziwa. Komanso kwake chimbudzi chili pafupi, kuno n'kutali. Ndipo izi ndi zonyansa, sindifuna kukuvutitsani nazo."

Kundivutitsa! Ine ndinakwera sitima, ndinawoloka Zambezi, ndinagona pabenchi ku Dondo udzudzu ukundidya, kuti ndidzavutike ndi munthu ameneyu. Ndiye akuti safuna kundivutitsa.

M'mawa mwake ndinali kale pasitolo ya Mmwenye. Ndinagula mchere uja, timiyala toyera tonyezimira m'kapaketi, ndi kapu yatsopano yoyera ya mkombero wofiira. Ndili panjira ndinanyambitako kamodzi. Mayo ine, kuwawa kwake ngati ndulu! Ndinalavula mpaka pakhomo, koma mumtima ndinati ngakhale uwawe chotani, ulowa m'mimba mwa a Chisale kudzera m'dzanja langa.

Lamulungu lake litafika ndinadzuka iwo asanavale nsapato, ndinagwada ndi kapu. Anandiyang'ana, anayang'ana kapu, anamwa. Ndinali nditathira pang'ono poopa kupha mwana wa eni. Tsiku lonse munthu anakhala pampando m'mimba mukungolira, osatuluka kanthu, nkhope ili ndwii. Ulendo wotsatira ndinati lero ndiye lero, ndinathira mosaumira. Koma inu! Chimbudzi chathu chinali cha gulu, kumapeto kwenikweni kwa laini, ndipo Lamulungu m'mawa pamakhala mzere. Sindinena zambiri. Anabwerera akuyenda chammbali, analowa m'nyumba, anakhoma chitseko ine ndili panja, ndipo thalauza lawo anachapa okha, n'kuliyanika m'kati. Kunja kutazizira anatsegula, milomo itauma, n'kunena kuti, "Zikomo aNangozo, mwayesetsa."

Akanandimenya mbama bwenzi zili bwino. "Mwayesetsa" ameneyo anandiotcha mwezi wathunthu.

Kuyambira pamenepo anabwerera kwa Joice, ndipo ulendo unayamba kufupikira. Poyamba unali wa pamwezi, kenako pakati pa mwezi, kenako pafupifupi Lamulungu lililonse. Ine kutchalitchi ndekha, amayi akufunsa ndi mawu okoma kuti, "Abambo ali bwanji m'mimbamo?" Ndinkayankha kuti ali bwino, mano nditaluma.

Tsiku lina ndinavala za kutchalitchi, koma pamphambano ndinakhotera kumalaini akale. Ndinkafuna ndimuone mkazi ameneyu. M'mutu mwanga ndinali nditamujambula kale: woyera, wonenepa, wa milomo yopaka, wa nsapato za gogoda. Ndinaima kuseri kwa mpanda wa mahedge a nyumba yoyandikana nayo, n'kusuzumira.

Ha! Kamayi kouma, kondiposa zaka, manja ong'aluka ndi sopo wa zovala za Azungu a ku Darlington kumene kankachapa. Kanali katakhala pa chitini, kakusenda ndimu. Ndipo pakhonde, pansi penipeni, panali a Goodson Chisale, amuna anga a mabatani aja, atavala vesiti yobooka ndi kansalu m'chiuno, opanda nsapato, atagwira pamimba, akubuula ngati mwana.

"Ndafa ine, Joice, ndafa!"

"Ufe ndiwe? Imwa madzi apo, iwe. Mchere umatapa madzi m'thupi, ukapanda kubwezera uuma ngati kapenta. Imwa!"

Anamwa, akukwinya nkhope, akudandaula kuti madzi achuluka. Kenako, pepani, anatulutsa mphepo, yaphokoso ndithu, yomveka mpaka pamene ndinaima. Ndinati tsopano achita manyazi. Manyazi ake ati? Anaseka chikhakhali, mutu ataugwetsera kumbuyo, Joice akuwakupiza ndi mbale n'kumawatukwana m'Chishona. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti amuna anga alibe dzino limodzi la kumbuyo. Chikwatirane ndinali ndisanaone m'kamwa mwawo motsegula chonchija.

Nsanje imene inandigwira pamenepo sindingaifanizire ndi kanthu. Ndikanawapeza pamphasa atafunda bulangete limodzi, ndikanadziwa chochita: kukuwa, kung'amba diresi, kuitana anthu, mlandu n'kupita kwa akulu a mpingo. Koma izi ukazinena kwa yani? Ukati chiyani? Kuti amuna anga amaphwisa momasuka kwa mkazi wina, kwa ine amapita kuseri? Chimene ndinkafuna ine chinali chomwecho basi, kuti munthu ameneyu adzabuule pakhonde langa, kapu ili m'dzanja langa.

Posakhalitsa a Chisale anadzambatuka, nsalu ataigwira ndi dzanja limodzi, liwiro la kuchimbudzi. Chinalidi pafupi, pamenepo sananame. Joice anapukuta mpeni, n'kuyang'ana molunjika kumene ndinabisala.

"Maiguru, pindai. Mahedgewo ali ndi minga."

Pindai, ati lowani. Maiguru, ati mayi wamkulu, ngati kuti tinagawana mwamuna pamaso pa ankhoswe. Chinyanja chake chinali chosakaniza, cha anthu obadwira konkuno, bambo wa kwathu mayi Mmanyika. Ndinatuluka, chifukwa kuthawa kukanakhala kuchepa.

"Ndabwera kudzaona chimene mumathira m'kapumo," ndinatero. "Poti kwathu mchere womwewu sugwira."

"Palibe chimene ndimathira." Anandionetsa kapu yake, yabuluu, yakale, yosupuka m'mbali. "Supuni iyi, osadzaza. Madzi ofunda, osati otentha. Amwe m'mimba mulibe kanthu, anyambite ndimu kuti asasanze, kenako madzi ambiri, tiyi wopanda mkaka. Khalani pansi ndikuonetseni, muzimupatsa nokha. Ine ndatopa naye. Ndinamuuza kale kuti mchere si wa sabata iliyonse, matumbo amazolowera n'kuchita ulesi. Apite kuchipatala akamuone bwino, koma samva."

Mwamva? Amuna anga ine ndimati iwo, iye akuti samva, ngati akunena mbuzi yake. Ndipo ine, mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi, ndikhale pa chitini, ndiphunzitsidwe m'mimba mwa amuna anga ndi mkazi wa mapoto? Ndinamuuza kuti supuni yakeyo aisunge, adzaidyere phala akakalamba. Ndinachoka a Chisale asanabwere, ndipo kunyumba sindinanene kanthu.

Kuyambira tsiku limenelo pemphero langa linali limodzi: mchere umenewu uthe. Uthe m'masitolo, sitima youbweretsa imire, boma la Chitaganya liuletse, chilichonse. Ruby ankati mutu wanga sukugwira. Ine ndinkati mcherewo ukangochoka, njira ya kumalaini akale imera udzu.

Ndiye linafika tsiku lija, pakati pa sabata, dzuwa lili paliwombo. Ndinali ndikusita pamene ndinamva anthu pakhomo. A Mailosi ndi mnzawo wa kushedi, a Naison, anali atawagwira a Chisale uku ndi uku, miyendo ikukwekwereza. Anati ananyamula thumba la chimanga, n'kungoti khwinya, pansi. Kuchipatala anakana, ati angopuma pang'ono. Anawagoneka pabedi n'kubwerera kuntchito.

Munthu anali thukuta lokhalokha. Anasanza, anasanzanso. Mimba inali itatupa, ili gwa. Ndinawafunsa kuti kuchimbudzi anapita liti, anati masiku apitapo, ngakhale mphepo sikutuluka. Tsono inu mukanaganiza chiyani? Munthu wamangika, mankhwala ake mukuwadziwa, paketi ili pashelefu. Ndipo muyeso uja, ngakhale ndinaukana pamaso pa mwini wake, khutu langa linali litautola: supuni yosadzaza, madzi ofunda, ndimu. Ndinauza mtima wanga kuti Vaileti, tsiku lako lija ndi lino. Lero kumalaini akale sangafikeko, akubuula pabedi lako.

Ndinasungunula bwinobwino m'kapu yanga ya mkombero wofiira, ndinadula ndimu, ndinagwada pambali pa bedi.

"Bambo, dzukani pang'ono mumwe."

Anatsegula maso, anayang'ana kapu, n'kutembenukira kukhoma. "Joice," anatero. "Kaitaneni Joice."

"Muno muli mkazi," ndinayankha. "Imwani."

"Chonde, aNangozo. Joice."

Ngakhale pa ululu woterowo, chonde sanamuiwale. Ndinatsala pang'ono kuwathira kapu yonse kumaso. Sindinadziwe kuti Ruby anali pakhomo akumva. Ndinangoona epuloni ikuuluka kulowera kumalaini akale, ine ndikulimbana ndi kudzutsa mutu wa munthu wamkulu amene wakukuta mano.

Mwamwayi wake tsiku limenelo Joice ankasitira kunyumba. Analowa osaodira, akupuma wefuwefu, m'manja muli kapu yabuluu ija, mchere atasungunula kale, theka litatayikira m'njira. Musamuyese mngelo, nayenso anabwera ndi mchere womwewo. Tinaima akazi awiri pamwamba pa mwamuna mmodzi, aliyense ndi kapu yake, tikuyang'anana ngati atambala.

Koma iye atangoona mmene munthu wagonera, mawondo atapinda, ndi zimene anasanza m'beseni, nkhope inasintha. Anaika kapu pawindo. Anagwira pamimba, a Chisale anakuwa. Kenako, pamaso panga, m'nyumba mwanga, osapempha, anamasula lamba wa amuna anga n'kutsitsa thalauza. M'mphechepeche, chakumanja, panali chotupa ngati dzira la bakha, cholimba, khungu lake litayamba kuda.

"Chakana kubwerera?" anafunsa.

A Chisale anagwedeza mutu kuvomera.

Joice anandilanda kapu, anatenga ndi yake, zonse ziwiri khuthu pawindo. "Apa mchere ayi. Thumbo latsikira umu ndipo lapanikizika, njira yatsekeka. Mukathira mchere, madzi adzadza kumtunda, potulukira palibe, thumbo liphulika. Ndinaonapo munthu ku Penhalonga. Ruby, thamangirani kushedi, abwere ndi lole!"

"Chotupa chimenechi chayamba liti?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana modabwa. "Simukuchidziwa? N'chakale ichi. Chimatuluka akaima kapena akadzikakamiza, akagona chimalowa chokha."

Akagona chimalowa chokha. Ndiye ine ndikanachiona liti? Ine amuna anga ndinkawadziwa ali chigonere, nyale atazimitsa. Thupi lawo ataima, masana, ankalidziwa ndi mkazi uyu. Munthu anali pakati pa moyo ndi imfa, ine misozi ili chuchuchu, anthu n'kumati ndikulira amuna anga. Ndinkawaliradi, koma theka la misozi imeneyo linali la ukali.

Lole inabwera, tinapita nawo kuchipatala cha anthu akuda, ndipo tsiku lomwelo anawang'amba. Ine ndi Joice tinakhala pabenchi imodzi panja, pakati pathu pali malo oti n'kukhalapo anthu atatu. Atatuluka wothandiza dokotala kudzafunsa kuti mkazi wa Goodson Chisale ndi uti, ndinaimirira msanga mpaka bondo linalira. Joice sanasunthe. Bamboyo anati thumbo alipeza lisanafe, alibwezera, asoka. Anafunsa ngati tinawamwetsa kanthu, ndinati ayi. Anati tachita bwino. Kenako ananena mawu amene ndinawadikira nthawi yonseyi.

"Mchere uja asiye. Mankhwala amenewo ndi othandiza munthu akamangika mwa apo ndi apo, ngakhale ife timapatsa odwala akamwa mankhwala a njoka za m'mimba, kuti zituluke. Koma si chakudya cha Lamulungu lililonse, ndipo mimba ikamapweteka, munthu akusanza, osayerekeza n'komwe. Azidya mapapaya, masamba, azimwa madzi ambiri. Zikavuta abwere kuno."

Ndinamuyang'ana Joice kuti ndione ngati wamva. Anali atamva. Anatola kathumba kake, anati, "Musare zvakanaka, maiguru," ati tsalani bwino, n'kumapita. Ine mumtima ndinali ndikuvina chimtali, ndipo sindichita nazo manyazi. Amuna anga apulumuka, mchere watha. Mulungu anayankha mapemphero awiri pa tsiku limodzi.

Atatuluka m'chipatala ndinawasamala ngati dzira. Mapapaya ndinkachita kukasankha ndekha kwa amayi a ku Zimunya obwera nawo pamsika. Bonongwe, nkhwani, therere, chigubu cha madzi pambali pa bedi. M'mimba munayamba kuyenda mokhamokha, ndinkadziwa poona nthawi imene ankatenga chipewa m'mawa kulowera kumapeto kwa laini. Kuntchito anawachotsa konyamula matumba, anawaika kolondera pageti. Lamulungu tinkapita limodzi kutchalitchi, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo amayi aja anasowa chofunsa. Ruby anati, "Mwawina, mayi." Ndinati ndinakuuzani.

Chinthu chimodzi chokha: bala sanandionetse. Ankakatsukitsa kuchipatala, ndipo litapola, ndikapempha kuti ndione chipsera, ankati, "Musavutike, aNangozo, chili bwino." Ndinati palibe kanthu, zidzabwera pang'onopang'ono, nthawi tsopano ndi yanga.

Kapu yabuluu ija inatsala pawindo pathu chitayire mchere tsiku lija. Ndinkaiona tsiku lililonse. Kuitaya ndinkafuna, koma ndinaganiza zokoma kuposa pamenepo: ndikaibweze ndekha, masana, anthu akuona. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, a Chisale anati akupita kumsonkhano wa bungwe la maliro la anthu a kwathu. Ndinati pitani bwino. Nditadya ndinatsuka kapu ija ndi phulusa mpaka inawala, ndinaikulunga m'kansalu, ndinavala diresi langa la maluwa ndi duku watsopano. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Ndinkati ndikanena kuti, mayi, nayi kapu yanu, kwathu sitimwanso mchere, zikomo potisungira odwala. Ndinachita kusankha ndi kamvekedwe kake ka mawu, kaulemu, kobaya.

Chitseko cha Joice chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Ndisanaodire ndinamva kuseka. Kuseka kuja.

A Chisale anali chagada pamphasa, m'vesiti yobooka ija, malaya ndi jekete zili pamsomali, nsapato pakhomo, mwendo wina atausanjika pa unzake. Joice anali patebulo akusita malaya a Azungu ake, nsana atawapatsa, osawayang'ana n'komwe. Iwo ankasimba za kapitawo wina amene anagwera m'ngolo ya malasha, akuchita kutsanzira mayendedwe ake ndi manja.

"Bodza, iwe," Joice anatero. "Nanga chipsera chija chasiya kuyabwa?"

"Chimayabwa kukatentha."

"Usamakande, ndinakuuza."

Ine maso anga anayamba kuthamanga m'chipinda monse. Ndinayang'ana patebulo, pawindo, pansi pa bedi, pashelefu. Ndinkafuna paketi. Ndinkafuna ketulo ya madzi ofunda, khoko la ndimu, supuni ija. Ndikukuuzani zoona, chibadwire sindinafunepo chinthu ngati mmene ndinaufunira mchere umenewo tsiku lija. Ndikanaupeza ndikanakalipa kuti mukupha munthu, dokotala analetsa, ndipo ndikanabwerera kwathu mtima uli m'malo. Koma munalibe. Munthu sanagwire pamimba, sanali kuyang'ana njira ya kuchimbudzi, sanali kuthamangira kulikonse. Anangogona pamenepo, ali bwinobwino, chifukwa ndi pamene ankafuna kugona.

Chithunzithunzi changa chinagwera pamphasa, iwo n'kundiona. Kuseka kunazima. Anadzuka msanga, anatenga malaya pamsomali, n'kuyamba kumanga mabatani, limodzi limodzi, mpaka la pakhosi.

"ANangozo," anatero. "Mwabwera? Lowani, khalani pampando."

Joice anaimika simbi. Sanaseke, sananyade, anangoyang'ana kansalu kanali m'manja mwanga. Mawu onse ndinayeseza m'njira aja anauluka. Ndinati ndimadutsa, ndasokera laini. Ndinatembenuka, kapu ndili nayo chigwirire.

Sindikumbuka mmene ndinayendera. Ndinafika pakhomo pathu dzuwa litapendeka, ndinapeza Ruby atakhala pakhonde pake ndi amayi awiri a kutchalitchi, akutola nyemba. Anandiyang'ana, anayang'ana njira imene ndinachokera. Ruby sabisa funso.

"Komatu a Mailosi akuti lero kulibe msonkhano wa maliro. Nanga abambo ali kuti? Musandiuze kuti apitanso kukamwa mchere."

Amayi aja anasiya kutola, makutu ali tcheru, milomo itakonzekera kale kuseka. Ndinawayang'ana onse atatu.

"Eya," ndinatero. "Mchere. M'mimba mwawo mwayambanso."

Anaseka, mmene ankasekera kale, akuwombana m'manja, akuti Vaileti ndi nsanje yake ya mankhwala. Ndinawasiya aseke. Ndinalowa m'nyumba, ndinaika kapu yabuluu pawindo pomwe inali, n'kuyamba kusenda papaya la madzulo.